Kabotolo ka Sanatu

Lachinayi m'mawa, a Ziblim ali pansi pa mtengo wa nimu kupota chingwe cha ng'ombe, panafika Agbeko wazaumoyo pa njinga yamoto, mnyamata wa kumwera wa malaya oyera, kukamwa atatseka ndi kansalu ngati wabwera kudzafukula chimbudzi. Ankafuna chidindo cha chala chawo kuti akatenge mdzukulu wawo Sanatu m'kalasi n'kupita naye kuchipatala cha kuboma.

Nkhani inayamba sabata yathayo. Azaumoyo anafika kusukulu monga amachitira akakumbukira kuti kumudzi kulinso anthu: kukweza ana pasikelo, kuwasuzumira m'kamwa, kuwapinditsa mkono wa malaya kuti aone chipsera cha katemera wa chifuwa chachikulu. Amene ankatsokomola anawapatsa timabotolo tolembedwa mayina kuti alavuliremo m'mawa. Sanatu, wazaka zisanu ndi zinayi, ankatsokomola fumbi la chilimwe ngati mwana aliyense, ndiye anabwera nako kunyumba.

A Ziblim anakatembenuza kabotoloko n'kuona dzina. Wamisala yekha ndi amene amapereka malovu a mwana, dzina lili pomwepo, kwa anthu osawadziwa. Komanso amene amasesa pachipatala chaching'ono cha m'deralo ndi mpongozi wa a Dawuni, munthu amene akhala akulimbirana naye malire a munda kwa zaka makumi awiri. Choncho anachita zanzeru, analavuliramo iwo eni. Mankhwala oipa akamadzafuna Sanatu adzapeza malovu si ake, akamadzafuna mwini malovu adzapeza dzina si lake, ndiye adzangozungulira m'tchire mpaka kutopa. Mwanayo anamuuza kuti atseke pakamwa, iye n'kukapereka kabotoloko.

Lachinayi lija, a Ziblim ndi Agbeko anapatsana moni wonse, wa kagonedwe, wa kuzizira, wa ntchito, wa akunyumba. A Ziblim anatunga madzi mumtsuko, analawako monga mwa mwambo, n'kupereka chikho. Agbeko anachiyang'ana n'kunena kuti wamwa kale.

"Kwanu mumamwa kamodzi pa tsiku?"

"Ayi bambo, kanayi. Buku limati kasanu ndi katatu, koma ntchito imachuluka."

Anatulutsa pepala m'chikwama n'kuwerenga. M'kabotolo ka Sanatu Ziblim, wa kalasi yachinayi, mwapezeka tizilombo ta chifuwa chachikulu, ndipo si tochepa: woyeza waika mitanda itatu, ndipo kuposa itatu kulibe. Mwanayo apita lero lomwe, akagonekedwa, ndipo adzamwa mapiritsi miyezi isanu ndi umodzi.

Chingwe chinaima m'manja mwa a Ziblim. Mitanda itatuyo ankadziwa mwini wake. Koma m'chipinda cha odwala cha kuboma chimenecho ndi momwe analowa akazi awo Azara akuyenda ndi miyendo yawo, n'kutulukamo atakulungidwa m'nsalu yoyera. Kuulula kukanakhala kudzipereka komweko, mwinanso kudzera kupolisi chifukwa chonamiza boma. Anaganiza kuti mwana wa sukulu ngati Agbekoyu amutopetsa ndi mawu mpaka abwerere yekha.

"Mwanayo ndi wabwinobwino. Amadya za anthu awiri. Dzulo wathamangitsa nkhanga mpaka kuigwira ndi manja."

"Papepala pano palibe za nkhanga, bambo."

"Chipsera cha katemera wanu uja munachiona?"

"Tinachiona. Ndinachonga ndekha. Chokongola kwambiri."

"Ndiye katemera wanuyo ndi madzi?"

"Timasungunulira madzi, koma ndi mankhwala."

Anayamba kufotokoza kuti katemerayo amateteza kwambiri makanda koma si mpanda wa njerwa, ndipo apo chifuwa chinawagwira a Ziblim, chija chochokera pansi ngati munthu akukoka chidebe m'chitsime chouma. Agbeko anadikira mwaulemu, cholembera chili m'mwamba, mpaka chitatha. Kenako anapitiriza pomwe analekezera.

"Pali mafunso. Mwanayu wayamba liti kutsokomola?"

"Masiku awiri atatu."

"Woyeza walemba kuti makhololo otere ndi a miyezi yambiri."

"Ndiye miyezi yambiri. Mukundifunsiranji zomwe mukudziwa?"

"Pali mpata woti ndilembe yankho lanu." Analemba. "Akuonda?"

Funso limeneli linali litawasautsa a Ziblim kuyambira nthawi yokolola zilazi, ndiye pakamwa panayankha mutu usanavomereze.

"Lamba ndabowola kawiri, thalauza ikungotsika."

"Sanatu amavala thalauza ndi lamba?"

"Kumunda."

"Sikelo yathu ikuti wanenepa ndi makilo awiri."

"Munamuyeza atavala lambayo."

Agbeko anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva chinthu chothandiza, n'kulembanso. Anatembenuza pepala. Woyeza, anatero, wadandaula kuti makhololowo anali ofiira, ndipo kufiirako si kwa magazi okha ayi.

"Ndi mtedza wa kola, uja amatafuna akuluakulu. Mwanayu amatafuna kola?"

A Ziblim anasuntha ndi lilime kola yemwe anali m'tsaya, kumupititsa tsaya la uko.

"Pang'ono. Pa ukwati."

"Ndi fodya wopera."

"Dzino likamuwawa."

"Mano ake tinawaona. Onse ndi amphumphu."

"Ndi fodyayo."

"Chomaliza, bambo. Munapezekanso katsitsi kamodzi. Koyera, kopotana." Agbeko anakweza maso. "Mwanayu ali ndi imvi?"

A Ziblim anachotsa dzanja kuchibwano.

"Amaganiza kwambiri. Masamu a masiku ano."

Cholembera chinayenda nthawi yaitali. Anthu ophunzira ndi otero, ukawapatsa bodza amalichapa, kulisita, n'kuliika m'chikwama. Atamaliza, Agbeko ananena modandaula kuti nkhani yakula. Mwana wazaka zisanu ndi zinayi wopatsidwa kola ndi fodya, wogwira ntchito kumunda mpaka imvi, malamulo amati adziwitse a ofesi yoona za ana. Akadzatuluka m'chipatala sadzabwerera pakhomo pano. Adzamupezera wina womusunga, wachibale kapena woyandikana naye nyumba.

Woyandikana nawo nyumba anali a Dawuni.

A Ziblim anaponya chingwe pansi n'kunena zomwe zinali kukhosi. Tizilomboto wathiramo ndi mkazi wosesa uja, watumidwa ndi apongozi ake, ndipo mudzi wonse ukudziwa kuti banja limenelo linasuntha mwala wa malire usana dzuwa likuswa mtengo. Agbeko anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anayankha kuti mayiwo amasesa panja pokha, kabotolo analandira yekha kuchokera m'dzanja la mwana, kotseka bwino, n'kukaika m'bokosi lozizira lomwe makiyi ake ali m'thumba mwakemu. Anawatulutsa makiyiwo kuti awaone.

"Nanga a Dawuni anakupatsani chiyani?"

"Sanandipatse kanthu. Kodi anayenera kundipatsa chinachake?"

A Ziblim anamuyang'ana kwa kanthawi. Anaona kuti munthuyu sakunama, ndipo zimenezo zinawaopsa kuposa bodza. Wabodza umadziwa pomugwira.

Anasendeza mpando pafupi n'kutsitsa mawu.

"Mwana wanga, tiyerekeze. Tinene kuti munthu wina wake, wamkulu, analavulira m'kabotolo ka mwana."

"Ndani?"

"Munthu chabe."

"Wa mudzi uti?"

"Tikungoyerekeza."

"Mukakumbukira dzina lake mundiuze, ameneyo ndidzamuyendera tsiku lina. Lero pepala ndi la Sanatu."

"Koma munthu woteroyo mungamuchite chiyani?"

"Sizingachitike, bambo. Malangizo ndinawerenga ndekha m'kalasi, kawiri. Amati mwana alavule yekha."

Anatulutsa kabokosi ka inki n'kupempha chala chachikulu. A Ziblim anakhalira manja awo onse awiri. Agbeko sanakwiye. Ananena kuti palinso mpata wolemba kuti wosunga mwana wakana, ndipo zikatero amasainira ndi mphunzitsi wamkulu. Analemba, anatseka chikwama, anatsanzika bwinobwino mpaka kufunira ng'ombe zabwino, n'kuyamba kumanga chipewa chake chachitsulo. Kusukulu kunali kuseri kwa mzikiti chabe. Belu lopumira linali lisanalire. A Ziblim anamuona Sanatu m'maganizo akutulutsidwa m'kalasi anzake akuyang'ana, akukwezedwa kumbuyo kwa njinga, kabuku kake katatsala pabenchi.

"Ndinalavula ndine."

Agbeko anatembenuka.

"Makhololowo ndi anga. Mwanayo sanakhudzeko n'komwe chivindikiro."

Mnyamatayo anamwetulira, zinaonekera m'maso pamwamba pa kansalu. Ananena kuti ku maphunziro anawachenjeza za zimenezi: makolo ena, chifukwa cha chikondi, amadzinamizira matenda kuti mwana asapite kuchipatala. N'zogwira mtima, anatero, koma mwana ndi amene amavutika.

"Ndikuti ndi anga."

"Mwandiuza nokha kuti amatafuna kola."

"Ndimanama."

"Ndalemba kale, bambo. Ndi inki."

"Fufutani."

"Pepala la boma safufuta. Ndipo ngati mumanama pamene paja, panopa ndidziwa bwanji?"

A Ziblim anaimirira. Zaka makumi asanu ndi awiri akhala akukana milandu, kwa akulu a mudzi, kwa okhometsa msonkho, kwa akazi awo, ndipo nthawi zambiri ankawakhulupirira. Lero avomera mlandu koyamba, munthu n'kukana kuulandira. Analavulira kola m'dzanja n'kumuonetsa. Anayasamula kuti aone mano ofiira, amene atsala. Anatulutsa kachitini ka fodya m'thumba la mkanjo n'kukagogoda pa thanki ya njinga.

"Ndiye mumadyera limodzi," anatero Agbeko, akufuna kutsegulanso chikwama.

A Ziblim anazula ndevu imodzi, misozi n'kulengeza, n'kuiika pa chikwamacho.

"Koyera. Kopotana. Yerekezani."

"Zoyerekeza ndi za woyeza, bambo. Ine ndimangonyamula."

A Ziblim anakweza mkanjo n'kumasula lamba kuti awerenge mabowo. Thalauza inatsika yokha mpaka m'maondo, mayi wina wodutsa ndi nkhuni pamutu anatembenukira kumbali n'kuwonjezera liwiro. Pomwepo chifuwa chinabweranso, chachitali, chowapinda pakati, dzanja limodzi pa thalauza lina pa mtengo wa nimu. Agbeko anabwerera m'mbuyo mapazi atatu n'kudikira.

"Chimenecho mwachimva?" anatero a Ziblim, akupuma movutikira.

"Ndachimva kuyambira ndili kumsewu. N'choipa kwambiri."

"Ndiye osanena?"

"Simunandifunse. Komanso ine ndine wa zaumoyo wa m'sukulu. Chifuwa cha akuluakulu ndi Lachiwiri, mubwere ndi khadi."

A Ziblim anamanga lamba. Anayenda pang'onopang'ono n'kukakhala pa chishalo cha njinga yamoto, miyendo uku ndi uku, manja atapinda. Agbeko anawauza kuti njingayo ndi ya boma ndipo saloledwa kunyamula munthu wopanda chipewa. Iwo anayankha kuti sakupita kulikonse, njinganso sikupita kulikonse, mpaka awapatse kabotolo kena alavulemo, woyezayo aone yekha ngati mitanda yake itatu siili momwemo pamodzi ndi kola ndi fodya.

Agbeko anaganiza. Anavomereza kuti mabotolo awiri akafanana chotero, pepala liyenera kulembedwa latsopano, ndipo mwana angadikire m'kalasi mpaka zotsatira zitabwera, kungoti nayenso amuyezanso bwinobwino chifukwa amagona nyumba imodzi. Timabotolo anali nato m'bokosi. Koma panali vuto.

"Ndi ta ana a sukulu okha. Pachizindikiro pali mpata wa kalasi."

"Siyani osalemba."

"Woyeza amabweza kopanda kalasi."

"Lembani yachitatu."

"Kumeneko ndi kunama, bambo."

"Ndani wanama? Sukulu yomweyo, isanakhale ya malata, ndinaphunzirapo ine. Kalasi yachitatu, kwa mphunzitsi wa chikwapu cha chikopa cha mvuu. Tsiku lina ndinapempha kukataya madzi, ndinatuluka, sindinabwerere."

"Anakuchotsani?"

"Palibe anandichotsa."

"Kalata yosiya munalemba?"

"Ndikanailemba ndi chiyani? Tinali tisanafike pa makalata."

Agbeko anaima chilili, chipewa m'manja, milomo ikuyenda kuseri kwa kansalu ngati akuwerenga buku lomwe lili m'mutu. A Ziblim anagwira mpweya kuti chifuwa chisamusokoneze.

"Ngati munatuluka ndi chilolezo cha mphunzitsi, ndipo palibe anakufufutani," anatero pang'onopang'ono, "ndiye kuti mwangojomba."

"Zaka makumi asanu ndi limodzi."

"Malamulo sanena kuchuluka kwa masiku."

Anatsegula bokosi n'kutulutsa kabotolo katsopano. Anagwada pansi, chikwama pa bondo, n'kufunsa dzina. A Ziblim anazengereza. Dzina lawo lenileni, pa malovu awo enieni, kupita pakhomo pomwe amasesa mpongozi wa mdani. Anayang'ana kuseri kwa mzikiti komwe ana anali atayamba kuimba masamu, mawu onse pamodzi.

"Ziblim Napari. Mulembe zooneka."

"Kalasi yachitatu," anatero Agbeko akulemba. "Mdzukulu wanu wakupitirirani ndi chaka chimodzi."

"Ndi wanzeru ngati agogo ake aakazi. A Dawuni akawafuna makhololowo muwapatse, anyambite, mitanda yonse itatu."

"Sitiloledwa kupereka kwa anthu wamba."

A Ziblim anatsika panjinga n'kulandira kabotolo. Kanali kopepuka kwambiri, kosayenera kunyamula nkhani yaikulu chotero. Anafunsa, osamuyang'ana, ngati mapiritsi a miyezi isanu ndi umodziwo munthu amamwera m'chipinda chija cha kuboma. Agbeko anati ambiri masiku ano amamwera kunyumba, bola wina aziwaona akumeza tsiku lililonse, ndipo amene samadumphitsa amachira. Wowaonayo akhoza kukhala aliyense wodziwa kuchonga papepala. A Ziblim anati pakhomo pano wodziwa kuchonga alipo mmodzi, Sanatu, ndipo ameneyo ndi wankhanza kuposa mphunzitsi wa chikwapu uja.

"Tsopano mupite kuseri kwa nyumba, poduka mphepo ayi, poyera," anatero Agbeko. "Mupume mozama katatu, kenako mulavule. Ine nditembenukira uku, malamulo amati wophunzira apatsidwe ulemu."

Anatembenuka n'kuyang'ana kumsewu, manja kumbuyo.

A Ziblim anamugwira mkono wa malaya oyera aja n'kumutembenuza.

"Iwe ndiwe mwana, m'mudzi muno suwadziwa anthu. Ima pomwepo uzindiyang'ana m'kamwa. Munthu akhoza kukupatsa makhololo a mnzake."